Diso la mwana wakhanda silidikira kuti akule

Ndakwiya, ndipo mkwiyo wangawu sindiubisa. Lamlungu lapitali ndinapita kumudzi kwathu kufupi ndi Ngabu kukaona mwana wa mlongo wanga, amene tsopano ali ndi miyezi itatu. Nditamunyamula n'kutuluka naye panja pomwe panali kuwala, ndinaona kuti pakati pa diso lake lakumanzere, pamalo pamene pamayenera kukhala pakuda bii, payera ngati padontha mkaka. Mayi ake anandiuza kuti anaziona mwanayo ali ndi milungu iwiri yokha, ndipo atapita naye kusikelo anauzidwa kuti afulumire kupita kuchipatala chachikulu kuti akamutumize kwa madokotala a maso ku Blantyre. Zonsezi zinalembedwa m'buku la mwana la kusikelo, ndipo bukulo lili m'chikwama mpaka lero. Nditafunsa chifukwa chake sanapite, amalume athu, amene ndiwo mwini mbumba, anayankha mosatekeseka kuti, "Mphwanga, mwana wanthete chonchi sangamuike mpeni m'diso. Ayambe wakula kaye, akadzayamba kuyenda tidzapita naye." Agogo nawo anawonjeza kuti mayi ake azingomudonthezera mkaka wa m'mawere m'mawa uliwonse, mtambowo udzachoka wokha.

Amalume ndimawalemekeza, koma pa nkhani iyi alakwitsa, ndipo kulakwitsa kwawoko kumudyera mwana diso. Mawu akuti "ayambe wakula" amamveka ngati achifundo, koma kwa mwana wobadwa ndi ng'ala ndi chigamulo choti diso limenelo lisadzaonenso. Akadzayamba kuyenda, madokotala adzachotsa ng'alayo bwinobwino, diso lidzayera n'kumaoneka lokongola ngati linzake, koma mwanayo sadzaona nalo kanthu kolongosoka. Nthawi imene akuluakulu akuti akumusungira mwana ndi nthawi yomweyo imene akumulanda.

Zimenezi sindikuzipeka, chifukwa zinadziwika kalekale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard ku America, David Hubel ndi Torsten Wiesel, anatenga ana a mphaka ongobadwa kumene n'kuwatseka chikope cha diso limodzi kwa miyezi ingapo. Atatsegula chikopecho anapeza kuti disolo linali labwinobwino, lopanda bala kapena chilema, koma mphakayo sankaona nalo. Vuto linali mu ubongo, kumbuyo kwa mutu kumene zithunzi zochokera m'maso zimakafikira. Maselo a mu ubongo amene akanatumikira diso lotsekedwalo anali atalandidwa ndi diso lotsegula, monga mmene munda wosiyidwa osalimidwa umalowereredwa ndi woyandikana naye. Anapezanso kuti pali nyengo yoopsa kwambiri, yoyambira pamene kamphaka kali ndi milungu pafupifupi inayi n'kutha kakamafika miyezi itatu, ndipo pachimake pa nyengo imeneyi masiku ochepa chabe otseka diso ankakwanira kuwononga. Koma atachita zomwezo kwa mphaka wamkulu, ngakhale kumutseka diso kwa chaka chathunthu, ubongo wake sunasinthe. Anayesanso pa anyani n'kupeza zofanana. Ntchito imeneyi ndiyo inawapatsa mphoto ya Nobel mu 1981, ndipo ndiyo inachititsa madokotala padziko lonse kusiya kudikira mwana akabadwa ndi ng'ala.

Mwachidule, munthu sabadwa akudziwa kuona. Amaphunzira, monga amaphunzirira kuyankhula, ndipo sukulu yake imatsegulidwa tsiku lobadwa n'kuyamba kutsekedwa mofulumira. Diso lophimbidwa ndi ng'ala lili ngati mwana amene watsekeredwa m'nyumba anzake akuphunzira. Mudzamutulutse ali ndi zaka zitatu, aphunzitsi adzakhala ataweruka. N'chifukwa chake madokotala a maso amafuna kuti ng'ala yokhuthala yobadwa nayo, makamaka ikakhala ya diso limodzi, ichotsedwe mkati mwa miyezi iwiri yoyambirira. Mwana wa mlongo wanga wadutsa kale pamenepo, ndipo mlungu uliwonse umene tikukhala pakhonde n'kumakambirana ukuchotsako kena pa zimene zatsala.

Ndikudziwa kumene maganizo a amalume akuchokera. Anaonapo nkhalamba za m'mudzi zikukhala ndi ng'ala zaka zambiri, kenako n'kuchitidwa opaleshoni, m'mawa mwake atamasula bandeji n'kuyamba kuzindikira zidzukulu. Palinso vuto la ndalama yoyendera, limene palibe wa kuchigwa kuno amene salidziwa. Koma nkhalamba ija ili ngati mphaka wamkulu uja: ubongo wake unaphunzira kuona zaka makumi asanu ndi limodzi zapitazo, ndipo ng'ala yangotseka zenera la nyumba yomangidwa kale. Khandali nyumba yake sinamangidwe. Kufanizira awiriwa ndi kulakwa kumene kwadzaza midzi yathu ndi anthu a diso limodzi amene timangoti anabadwa choncho.

M'mera mpoyamba. Mwambi umenewu amalume amaunena chaka chilichonse nthawi yobzala thonje, ndipo sangalole mdzukulu aliyense kuchedwa kupalira kapena kupopera mankhwala n'kumati thonje liyambe lakula. Madzi a Shire akaphwera, kudimba amathamangira chinyontho chisanathe, chifukwa amadziwa kuti wochedwa amakolola fumbi. Nanga bwanji nzeru yomweyo imatha ikafika pa diso la mwana? Kodi thonje laposa mdzukulu? Ndinawafunsa funso limeneli pamaso pa anthu, ndipo ndikuvomera kuti ndinakweza mawu kuposa mmene mphwa amayenera kuyankhulira ndi amalume ake. Ndidzapepesa chifukwa cha mawu okwezawo, koma funsolo sindilibweza.

Chimene chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti choyera cha m'diso la mwana sichikhala ng'ala nthawi zonse. Nthawi zina imakhala khansa ya m'kati mwa diso, yotchedwa retinoblastoma, imene imagwira makamaka ana osapitirira zaka zisanu. Ikapezeka msanga mwana amachira, ngakhale nthawi zina diso limachotsedwa kuti moyo upulumuke. Ikasiyidwa imatuluka m'diso, kutsata mtsempha mpaka ku ubongo, ndipo pamenepo sitikambanso za kuona koma za maliro. Ine sindine dokotala, amalume si dokotala, agogo si dokotala. Palibe mmodzi wa ife amene angayang'ane mwana pakhonde n'kusiyanitsa ziwirizi. Mkaka wa m'mawere ndi chakudya chabwino koposa cha khanda, koma sulowa m'kati mwa diso kukasungunula ng'ala, ndipo khansa siuopa. Kudontheza mkaka n'kudikira kumene, kungoti kwavala nsalu ya chisamaliro.

Ndipo musandiuze kuti zofufuza zimenezi ndi za azungu ndi amphaka awo, sizikhudza munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje. Chigwa chathu chino ndicho chimodzi mwa malo amene matenda a maso anafufuzidwa kwambiri m'Malawi. Mu 1983 malemu Dr Moses Chirambo, dokotala wa maso, ndi anzawo anayenda m'midzi ya chigwa cha Shire kupima maso a ana ndi akulu, ndipo zimene anapeza zinaonetsa kukula kwa khungu, matenda a maso otchedwa trachoma ndi kuperewera kwa vitamini A kuno kwathu. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Malawi yathetsa trachoma monga vuto lalikulu la umoyo wa anthu. Matenda amenewo, amene ankapinda nsidze za agogo athu n'kumakanda diso mpaka kulichititsa khungu, sanathe chifukwa chodikira. Anatha chifukwa anthu anamwa mankhwala, anasambitsa ana kumaso, ndipo ofunika opaleshoni anapita. Chipatala cha maso cha Lions chili pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kumeneko ana amachitidwa opaleshoni ya ng'ala. Si ku London kapena ku Johannesburg ayi, ndi kungowoloka mlatho wa Kamuzu n'kukwera mapiri a Thabwa, msewu womwewo umene timadutsa tikamapita kukagula katundu ku Limbe.

Ndanena kale, ndipo ndibwerezanso kwa amayi amene mukuwerenga izi muli ndi khanda kumsana: mukaona choyera pakati pa diso, kapena diso limodzi likumangoyang'ana kumbali, kapena maso akumangonjenjemera osakhazikika pa nkhope yanu, musamvere aliyense wonena kuti zidzatha akakula. Kukula n'kumene kumakhomerera vutolo. Ngakhale opaleshoni ikachitika ntchito imakhala isanathe, chifukwa mwana amafunika magalasi, ndipo nthawi zambiri diso labwino limaphimbidwa maola angapo pa tsiku kuti lofookalo likakamizike kugwira ntchito. Zonsezi zimathandiza mwana akadali wamng'ono, ndipo mphamvu yake imachepa chaka ndi chaka.

Ndisaiwale bambo a mwanayu, alamu anga, amene nthawi yonse yokambiranayi anangokhala chete akusewera ndi foni. Ndiwo amene anajambula mwanayu usiku ndi kuwala kwa foni, diso lakumanzere n'kutuluka loyera mbee pachithunzi, iwo n'kutumiza pagulu la banja la WhatsApp ndi mawu oseka akuti mwana wawo ali ndi maso a mphaka. Anthu khumi ndi awiri anaseka nawo, ena mwa iwo ophunzira bwino okhala m'tauni, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa chifukwa chake diso limodzi lokha ndilo likuwala. Ndalama ya bandulo imapezeka mlungu uliwonse, ya mpira wa pa kanema ku Nchalo imapezeka, koma ya minibasi yopita ku Blantyre akuti tidikire thonje ligulitsidwe. Lachinayi ndikubwera kudzatenga mlongo wanga ndi mwanayo, ndipo amene akufuna kundiletsa adzandipeze pa siteji.