Chenjezo kwa inu osintha mipando ndi konsolo m'galimoto zakale

Tamverani kuno anyamata inu, ndi inunso amakaniko amene mwayamba kuvomera ntchito iliyonse bola mwini galimoto amwetulire. Khalidwe lafalali, lozula mipando ya galimoto yakale n'kuikamo yachikopa yochokera m'galimoto ina, kenako n'kupanikizira konsolo yonyezimira (bokosi lija la pakati pa mipando ya kutsogolo) pakati pake, mukulichita mosasamala. Kusintha pakokha sikulakwa ayi. Siponji ikatha, msana umafuna mpando wabwino. Cholakwika n'chakuti mpando wa galimoto mukuuyesa wa pabalaza, woti ukangoleka kugwedera ndiye kuti ntchito yatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mpando, lamba ndi pansi pa galimoto zimagwira ntchito imodzi, yomwe ndi kukugwirani galimoto ikaima mwadzidzidzi. Malamulo a ku Ulaya ndi a ku America amafuna kuti mpando upirire kukokedwa ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo 20. Werengerani pa thupi lanu: munthu wa makilogalamu 70 pa kugunda kotere amakankha ngati katundu wa makilogalamu 1,400. Ndiye inu mukuti zimenezo zigwidwe ndi mabawuti awiri otola m'chitini cha zotsala?

Pansi pa galimoto ndi lata lopyapyala, nthawi zambiri losakwana milimita imodzi. Pamene fakitale inamangirira mpando pali chitsulo chopingasa cholimbitsira, ndipo nati zake anaziwotcherera m'kati mwake. Inu mukaona kuti mabowo a mpando watsopano sakugwirizana ndi akale, mumangosuntha pang'ono n'kuboola palata pomwepo. Tsiku la ngozi bawuti sithyoka n'komwe. Imang'amba latalo n'kutuluka ndi nati yake, mpando n'kuuluka ndi munthu wake.

Njira yabwino ndi kusiya mabowo a fakitale monga alili, n'kupanga mabulaketi achitsulo olumikiza mabowowo ndi njanji za mpando watsopano. Pamene kuboola sikungapeweke, kunsi kuikidwe chitsulo chogwiriziza. A mipikisano ya galimoto, motsatira malamulo a FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi padziko lonse, salola chitsulo chochepera mamilimita 3 kukhuthala, ndipo kukula kwake pa bawuti iliyonse kumakhala ngati masentimita 7 m'litali ndi 6 m'lifupi. Ngodya zake muzizungulize ndi tupa kuti zisadule lata. Musanakhudze choboolera, lowani kunsi ndi tochi: mapaipi a mabuleki, mapaipi a mafuta ndi mtolo wa mawaya zimadutsa pomwepo. Ngati pansipo padya dzimbiri, dulani podyekapo ndi kuwotchererapo chitsulo chatsopano musanayambe zokongoletsa. Mabowo akale amene atsala atsekedwe, chifukwa ndi khomo la madzi ndi utsi.

Mabawuti akhale anayi pa mpando uliwonse, kukula kwake kofanana ndi amene anachokapo, ndipo pamutu pake pakhale nambala yosonyeza kulimba kwake, 8.8 kapena 10.9. Bawuti yopanda nambala ndi ya pa geti. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu motsatira buku la galimotoyo. Kawirikawiri zimakhala pakati pa 35 ndi 50 Nm, muyeso wa mphamvu yomangira umene uli pa sipanalayo. Ndipo lekani mchitidwe wonyansa uja wokweza mpando pounjika mawashala, nati zikuluzikulu kapena kathabwa. Mulu woterowo umasandutsa bawuti kukhala mtengo wotembenuzira, imapindika n'kuthyokera pa mazinga.

Njanji ziwiri za mpando ziyende mofanana, ndipo zonse zikole nthawi imodzi. Mukazimanga mopotoka, imodzi imakola, inayo imangoyandama, ndipo simudziwa mpaka tsiku lopondetsa buleki mpando n'kutsetsereka. Kudula njanji ndi kuziwotcherera kuti zitalike n'kuziwononga, pakuti chitsulo chake n'chopyapyala ndipo moto umachifooketsa pambali pa msoko.

Pa lamba ndiye pamene pali chibwana choopsa. M'galimoto zambiri zatsopano, chokolera lamba chimamangidwa pa mpando, kutanthauza kuti mphamvu yonse ya lamba imadutsa m'njanji ndi m'mabulaketi anu aja. Komanso lilime la lamba wa galimoto ina likhoza kulowa m'chokolera cha galimoto ina n'kulira kuti khethe, koma osakola mokwanira. Kulirako kusakunyengeni. Lilime ndi chokolera zikhale za banja limodzi. Mabawuti a lamba nawo ali ndi mazinga akeake a muyeso wa mainchi, otchedwa 7/16 UNF, ngakhale m'galimoto zambiri za ku Japan ndi ku Ulaya zomwe mabawuti ena onse ndi a mamilimita. Mukakakamizamo ya mamilimita 12 (M12) mumapha mazinga, mukaikamo ya mamilimita 10 (M10) imangokola mwachinyengo.

Mpando wogula pa galimoto yochita ngozi uyang'anitsitseni. Chokhotetsera msana chikakhala ndi mpata, kapena mafupa a mpandowo akapindika, usiyeni ngakhale chikopa chikhale chokongola bwanji.

Tsopano za mawaya achikasu. Pulagi yachikasu pansi pa mpando ndi ya airbag ya m'mbali (thumba lija limafufuma pa ngozi) kapena ya kachipangizo kokoka lamba pa ngozi, ndipo zonsezi zili ndi onga m'kati. Musanazule pulagi yotere, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negetivu pa batire, n'kudikira. Toyota imati masekondi 90, Honda imati mphindi 3. Wanzeru amadikira mphindi 10, sataya kanthu. Musayeze mawayawo ndi babu yoyesera kapena mita, pakuti magetsi ochepa omwewo akhoza kuiphulitsa nkhope yanu ili pomwepo. Galimoto yanu ikakhala yopanda airbag n'komwe, pulagi ya pa mpando watsopanowo ikulungeni n'kuimangirira patali ndi waya aliyense wamoto. Koma inu amene mumachotsa mpando wa airbag n'kulumikiza karezisita, kachipangizo kakang'ono ka magetsi, kuti nyale ya pa dashibodi izime, dziwani kuti mwanamiza kompyuta, ndipo mwanamizanso aliyense amene adzakhale pampandopo kapena kugula galimotoyo. Kusiya nyaleyo ikuyaka nakonso si nzeru, chifukwa ngakhale vuto lina lenileni litabwera simudzalizindikira.

Mipando yoyenda ndi magetsi imakoka moto wambiri, n'chifukwa chake fakitale imaipatsa mzere wakewake wa fyuzi ya 20 mpaka 30 A. Inu mumaba moto pa waya wa wailesi kapena wa choyatsira fodya, fyuzi ikapsa n'kuikapo yaikulu. Fyuzi imateteza waya. Mukaikulitsa, wayayo ndiye amatentha pansi pa kapeti, pafupi ndi siponji. Kokani waya watsopano wokhuthala mokwanira, fyuzi ikhale pafupi ndi batire, pobowola chitsulo muike mphira, ndipo musiye msinkhu woti mpando uyende mpaka kumapeto osakoka kapena kutsina waya m'njanji. Mipando ina yokumbukira kakhalidwe ka woyendetsa siyenda popanda kulankhula ndi kompyuta ya galimoto imene inachokamo. Funsani musanalipire, safunsa anadya phula.

Konsolo mumaiona ngati bokosi la pulasitiki loikamo makapu, koma pansi pake pali zambiri. M'galimoto zochuluka, kompyuta ya airbag imamangidwa pamsana wa pakati paja, pansi pa konsolo. Imayenera kukhala pamalo pake, yoyang'ana kumene inayang'ana, mabawuti onse ali omanga. Kuisunthira pambali kuti bokosi latsopano likwane, kapena kuigogoda kiyi ali wotsegula, n'kuputa tsoka. Ndipo musamalowetse masikuluwu ataliatali pamsanapo mwachimbulimbuli, chifukwa m'mbali mwake mumayenda mawaya ndi zingwe za handibuleki, kunsi kwake kuli mapaipi.

Handibuleki iyeseni konsolo ili pamalo pake musanamange. Mpata ukachepa kumunsi, ndodoyo sitsika mpaka pansi, mabuleki a kumbuyo amayenda akukhula, amatentha n'kutha mphamvu. Ukachepa kumwamba, ndodo imagunda pulasitiki isanakoke zingwe mokwanira, galimoto n'kudzayenda yokha pamtsetse. Ndodo ya giya ilowe magiya onse, livesi yomwe, osakhudza m'mphepete. Chikopa chake chikakoka, giya imatuluka yokha pa mabampu. Pa otomatiki, zilembo P, R, N ndi D zigwirizane ndi pamene giya ilidi, ndipo injini ilire pa P ndi pa N pokha. Mphira wa pansi pa ndodo ya giya, uja mumataya poti saoneka, ndi umene umatsekereza utsi wa ekizozi. Mpweya wa poizoni wa carbon monoxide wa mu utsiwo sununkha, umangobweretsa mutu ndi tulo munthu ali pa chiwongolero.

Maswitchi a magalasi, amene galimoto monga Mercedes W124 ndi BMW E36 zinaika pa konsolo, asalumikizidwe pongotengera mtundu wa waya. Pulagi ikhoza kufanana maonekedwe, mapini ake ali osiyana ntchito. Batani la ma hazadi likhale poti dzanja lifika osayang'ana.

Zonse zikamangidwa, khalanipo. Mpando ulunjike pakati pa chiwongolero, phazi lipondereze kilatchi mpaka pansi bondo likadali lopindika pang'ono, mutu usakhudze denga, ndipo chotsamira mutu chifike msinkhu wa pamwamba pa mutu wanu. Ngati chiwongolero chili ndi airbag, chifuwa chitalikirane nacho masentimita 25. Lamba adutse pakati pa phewa ndi pa mafupa a chiuno, osati pakhosi kapena pamimba. M'galimoto ya zitseko ziwiri, msana wa mpando uzigwa kutsogolo kuti a kumbuyo athe kutuluka. Kenako gwirani msana wa mpandowo ndi manja awiri, mugwedeze mwamphamvu wina akuyang'ana kunsi ngati lata likupuma. Akampani ya inshulansi auzeni za kusinthaku, ndipo pakatha sabata imodzi mukuyenda, bwererani ndi sipanala pa mabawuti onse asanu ndi atatu a mipando iwiriyo.