Makolo, mukunyozetsa aphunzitsi chifukwa cha foni?

Sabata yathayi ndinaitanidwa ku sukulu ya mdzukulu wanga kukasayina mapepala, ndipo zimene ndinaona kumeneko zandisowetsa mtendere mpaka lero. Ndili pa benchi panja pa ofesi ya mphunzitsi wamkulu kudikira nthawi yanga, kunatulukira mayi wina ali wefuwefu, mwana wake wamkazi wa zaka ngati 15 akumutsata pambuyo. Sanagogode, sanapereke moni kwa aliyense. Anangokankha chitseko n'kuyamba kukalipa: "Ali kuti mphunzitsi amene walanda foni ya mwana wanga? Anamugulira ndi iyeyo?"

Mphunzitsiyo anaitanidwa. Ndi bambo wachikulire, wa imvi, choko chili mbuu m'manja ndi pa malaya. Anafotokoza modekha kuti mtsikanayo amaonera kanema pansi pa desiki phunziro la masamu lili m'kati, kuti anamuchenjeza kawiri, ndipo kachitatu anamuuza kuti apereke foniyo adzaitenge poweruka. Mayi uja sanamulole n'kumaliza komwe. "Inu aphunzitsi, ntchito yanu ndi kulemba pa bolodi basi. Za m'thumba mwa mwana wanga sizikukukhudzani." Amalankhula uku akumuloza chala pamphuno. Ana a m'makalasi oyandikira anadzaza m'mawindo, ndipo atatu kapena anayi anali atatulutsa kale mafoni awo, akujambula. Mtsikana mwini nkhaniyo anaima pambali, manja atapinda pachifuwa, akumwetulira.

Bamboyo anatsegula kabati, anatenga foni ija n'kuipereka ali zyoli ngati wolakwa ndi iye, kenako anabwerera m'kalasi. Ndinamuyang'ana akupita, mtima wanga unawawa. Tandiuzani inu makolo anzanga, munthu ameneyu akalowa m'kalasi muja n'kunena kuti "khalani chete", amumvera ndani? Mawa akaona wina akubaya foni pansi pa desiki, adzayerekezanso kutambasula dzanja? Ana onse aja aona ndi maso awo kuti mphunzitsi ndi munthu woti ukamuitanira amayi ako amagonja. Phunziro limenelo alimva bwino kuposa masamu a tsiku limenelo, ndipo sadzaliiwala.

Kodi tapenga? M'kalasi masiku ano mwana wavala chipewa cha juzi kuti abise tizingwe ta m'makutu, mphunzitsi akuthyoka mawu kutsogolo, iye ali m'nyimbo. Wina wapinda mutu pa desiki ngati akudwala, chonsecho chala chikuyenda pa TikTok. Wina akupempha kupita kuchimbudzi kanayi phunziro limodzi, kumeneko akukayankha mauthenga. Ena atsegula gulu la WhatsApp la kalasi yonse, akutumizirana chithunzi cha nsapato za mphunzitsi, cha mano ake, cha siketi ya aphunzitsi aakazi atatembenukira ku bolodi, n'kumaseka chamumtima phunziro likupita. Ena amachita kumuputa dala munthu wamkulu kuti apse mtima, mnzawo atakonzeka kale kujambula, kenako amadula poyambira nkhani n'kuponya pa intaneti kachidutswa koonetsa mphunzitsi akukalipa. Madzulo anthu osadziwa mutu wa nkhani ayamba kale kumutukwana m'makomenti, ena akuti achotsedwe ntchito. Munthu waphunzitsa zaka 25, mbiri yake ikuthera pa kanema wa masekondi 20 wojambulidwa ndi mwana woti sadziwa n'komwe kuchapa yunifolomu yake.

Za mayeso ndiye musanene. Likasa lakale linali kapepala kobisa m'sokosi, lero ndi foni yathunthu. Mafunso akujambulidwa m'kalasi yoyamba kulemba, yachiwiri ikulowa ikudziwa kale mayankho. Ntchito yokalembera kunyumba mwana akungoiponya ku ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti yolembera munthu mayankho, n'kukopera osawerenga ngakhale mzere umodzi. Mukaona malikisi okwera mukuvina, mukuti mwana wanga ndi wanzeru. Tamufunseni afotokoze ndi pakamwa pake zimene walembazo, muone mmene achitire kakasi. Mwana ameneyo ndiye mukufuna adzakhale namwino wobaya anthu jakisoni, adzamange mlatho, adzasunge ndalama za anthu?

Ndiye mumvekere, "Ndinamugulira kuti ndizimupeza pakachitika ngozi." Ngozi yanji imene imachitika tsiku lililonse pakati pa phunziro loyamba ndi lachiwiri? Sukulu ilibe ofesi? Mphunzitsi wamkulu alibe nambala? Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti ambiri amene amaliza mafoni a ana m'kalasi ndi makolo omwewo. Bambo wamkulu, ndevu pepeya, akudziwa bwino kuti ino ndi nthawi ya phunziro, koma akuimbira mwana kumufunsa kumene waika kiyi. Mayi akutumiza uthenga wa mawu, mwana akapanda kuyankha akuimba kachiwiri ndi kachitatu. Ndiye mwanayo amvere ndani, inu amene mukuimba kapena mphunzitsi amene wanena kuti foni izimitsidwe?

Ena amati, "Dziko lasintha agogo, ana amaphunzirira pa foni." Sindikukana kuti m'foni muli mabuku ndi maphunziro abwino. Mphunzitsi akanena yekha kuti tulutsani, tifufuze chakuti, palibe vuto, chifukwa akutsogolera ndi iyeyo. Koma mwana amene wabisa foni pakati pa miyendo si kuti akuwerenga za kayendedwe ka magazi m'thupi, tisanamizane. Zinthu zimenezi anazipanga anthu ophunzira kwambiri, olipidwa kuti maso a munthu asachoke pa galasi. Kanema akatha, wina wayamba yekha usanamupemphe. Ukayang'ana kanthu nthawi yaitali pang'ono, makina aona, mawa akubweretsera zofanana nazo zambirimbiri. Ukaiika pansi, ikunjenjemera m'thumba kukuitana. Ife akuluakulu amene zikutigonjetsa, timagona nayo m'manja, ndiye mwana wa zaka 13 alimbane nazo yekha atakhala pa desiki? Facebook, Instagram ndi TikTok eni ake amanena kuti mwana wosafika zaka 13 asakhale ndi akaunti, koma alipo makolo amene amathandiza okha mwana wa ku pulayimale kunama chaka chobadwa.

Bungwe la UNESCO, loona zamaphunziro pansi pa United Nations, linatulutsa lipoti lake la zamaphunziro mu 2023, ndipo linachenjeza kuti foni kungokhala pafupi ndi wophunzira imamusokoneza, komanso kuti mwana akacheukira uthenga zikhoza kumutengera mphindi zofika 20 kuti maganizo abwererenso pa phunziro. Phunziro lenilenilo ndi la mphindi zingati? Mauthenga awiri okha, latha. Dziko la France linakhazikitsa lamulo mu 2018 loletsa mafoni m'sukulu za ana mpaka a zaka pafupifupi 15. China, kumene kumachokera Tecno, Itel ndi Huawei zimene mukugulira anazi, inalamula mu 2021 kuti mwana asabwere ndi foni kusukulu popanda kalata ya makolo, ndipo ikabwera isalowe m'kalasi. Netherlands inachotsa mafoni m'makalasi a sekondale kuyambira Januwale 2024. Brazil inasayina lamulo lake mu Januwale 2025. South Korea, kwawo kwa Samsung, aphungu anavomereza mu Ogasiti 2025 lamulo loletsa mafoni nthawi ya phunziro. Opanga zinthuzo akuzitulutsa m'makalasi a ana awo, inu ogula ndiye mukuthamangira kusukulu kukamenyera nkhondo kuti mwana wanu akhale nayo pa desiki. Mukudziwa chiyani chimene iwowo sakudziwa?

Mawu amene afala pakamwa ndi akuti ufulu. Mwana wa zaka 14 akumuuza mphunzitsi m'maso muli gwa kuti, "Simungandigwire, ndikudziwa ufulu wanga." Inde, Pangano la United Nations la ufulu wa ana la mu 1989 lilipo, ndipo gawo 28 limanena kuti mwambo wa pasukulu uzisungidwa molemekeza umunthu wa mwana. Limanena kuti usungidwe. Silinanene kuti uthetsedwe. Ndipo gawo lomwelo ndi limene limanena za ufulu wa mwana wolandira maphunziro. Nanga ana ena onse m'kalasimo, amene makolo awo akuvutikira kuti aphunzire, ufulu wawo uli kuti pamene mphunzitsi akutaya theka la phunziro kukangana ndi mmodzi wokana kupereka foni? Mtsikana wamanyazi amene wasiya kukweza dzanja chifukwa akuopa kuti akalakwitsa amujambula n'kumuseka pa gulu, ufulu wake amumenyera ndani?

Musandimve molakwa, sindikupempha kuti ndodo ibwerere. Ndinaona ana akumenyedwa mpaka kuida sukulu, ndipo zimenezo sindizisirira. Kusunga foni m'kabati mpaka poweruka si nkhanza. Kumuuza mwana kuti akabwere ndi kholo si kumuzunza. Kumutulutsa panja amene akusokoneza anzake si kumuphwanyira ufulu. Ngati mphunzitsi mwamuletsa kumenya, zimene zili zoyenera, kenako mwamuletsa kulanda, mwamuletsa kudzudzula, mwamuletsa ngakhale kukweza mawu, mwamusiyira chiyani? Mwamumanga manja ndi miyendo, ndiye zotsatira za mayeso zikatuluka zoipa ndinu oyamba kufuula kuti aphunzitsi a masiku ano ndi aulesi.

Nanunso aphunzitsi ndisakusiyeni, poti ena mwa inu mukudzichotsera nokha ulemu. Mwalemba ntchito pa bolodi, mwakhala pampando, mutu uli pa foni mpaka belu kulira. Foni ikulira pakati pa phunziro, mukuyankha pamaso pa ana n'kumaseka. Mawa mulanda bwanji ya mwana? Ena mukalanda mumayamba kutsegula mauthenga ndi zithunzi za eni ake, ena mumaiphwanya pansi chifukwa cha mkwiyo, ena mumalanda ya uyu n'kusiya ya uyo chifukwa bambo ake ndi odziwika. Zimenezo zikupatsa mphamvu anthu ngati mayi ndinamuona uja. Foni ikalandidwa izimitsidwe mwini wake akuona, ilembedwe m'buku, itsekeredwe, ibwezedwe pa nthawi imene lamulo la sukulu likunena. Ndipo inu aphunzitsi aakulu, lamulo likhale lolembedwa, kholo lililonse lisayine polembetsa mwana. Tsiku lija mphunzitsi wamkulu anangokhala duu kuseri kwa tebulo, osatsegula pakamwa kuteteza mnzake. Chimenecho chinandipweteka mofanana ndi chipongwe cha mayi uja. Kusunga dzina la sukulu n'kutaya mphunzitsi wako pamaso pa ana, ndi utsogoleri umenewo?

Ana inu, ndikudziwa kuti mukuwerenga, poti simuchoka pa intaneti. Munthu amene mukumujambula mobisayo ndi bambo wa wina, ndi mayi wa wina. Amadzuka m'bandakucha kukonzekera phunziro limene inu mukuliponda ndi mapazi. Zimene mwaponya pa intaneti sizifufutika, ngakhale mutazichotsa pa foni yanu zatsala kwa anthu ena. Tsiku mudzafune ntchito kapena malo a maphunziro apamwamba zidzakutsatani. Samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Anzanu a pa gulu la WhatsApp amene akukuombererani m'manja lero sadzakhala nanu m'chipinda cha mayeso, aliyense adzakhala pa desiki yake, pepala lili patsogolo.

Pobwerera ndinamufunsa mdzukulu wanga ngati zotere zimachitika kawirikawiri. Anati, "Agogo, aphunzitsi ambiri anasiya kulanda. Amangophunzitsa a kutsogolo, a kumbuyo amawasiya azipanga zawo." Mwamva zimenezo makolo? Mphunzitsi akasiya kudzudzula mwana wanu musaganize kuti mwapambana. Wamutaya. Wamusiya akhale m'kalasi ngati mpando, chaka chithe, apite. Mtengo amauwongola uli waung'ono, ndipo amene amakuthandizani kuwongola mwamuthamangitsa nokha ndi pakamwa panu.

Inu mayi amene ndinakuonani tsiku lija, ndi nonse amene mumachita ngati iwo: mwana wanu atabwera kunyumba akulira kuti foni yalandidwa, funso loyamba linayenera kukhala lakuti, "Umatani nayo m'kalasi?" Inu munangomanga nsalu n'kuthamanga kukatukwana munthu wamkulu pamaso pa ana. Manyazi mulibe? Bwererani kusukulu kuja, mukapepese kwa aphunzitsi aja mwana wanuyo ali pomwepo akumva, ndipo foniyo itsale kunyumba.