Zisudzo nazonso n'zoyenera kuzipitira kusukulu kachiwiri

Sabata yatha tinasonkhana kunyumba kwa amayi pa nkhani za pabanja, ndipo titatha kudya, mwana wa achemwali anga anatiuza kuti akufuna kubwerera kusukulu kukachita digiri yachiwiri. Mtsikanayu anamaliza digiri yoyamba ku Zomba, komwe anaphunzira zisudzo, ndipo tsopano mtima wake uli pa ntchito ya kuseri kwa siteji, monga kuyala magetsi, kukonza zokuzira mawu ndi kumanga malo omwe sewero limachitikira. Achimwene anga aakulu, omwe ndi amalume ake ndipo ndi amene ankamulipirira fizi, anamufunsa modekha koma mokhumudwa kuti, "Mwanawe, zisudzo nazonso n'zopitira kusukulu kawiri? Nanga Izeki ndi Jakobo, omwe ankatiseketsa mpaka nthiti kuwawa, anachita kupitira digiri?" Mtsikanayo anangozyolika. Ine pamenepo sindinayankhe, chifukwa sikunali koyenera kutsutsana ndi akulu pamaso pa mwana, koma funsolo lakhala likundizungulira m'mutu, ndipo ndikudziwa kuti si achimwene okha amene amaganiza chotero.

Ndakhala ndikuyang'anira kalabu ya zisudzo pasukulu ya sekondale kwa zaka zambiri, choncho zomwe ndikulembazi ndaziona ndi maso anga. Chaka china ndinatenga ana anga kukaonetsa sewero mu holo ina yaikulu m'tauni. Tinali titayeserera miyezi itatu, ndipo mnyamata amene ankasewera ngati bambo wofedwa anali ndi luso loti pomuona poyeserera ngakhale ine misozi inkalengeza. Titafika mu holomo tinapeza kuti magetsi onse ndi machubu oyera a kudenga, omwe amayaka ndi kuzima pa switchi imodzi, ndipo kuwala kwake kunkagwera pamutu pa ochita sewero kotero kuti maso awo anasanduka maenje akuda. Maikolofoni inali imodzi, yopachikidwa pachingwe, ndipo inkalira mluzu nthawi zonse munthu akaiyandikira. Sewero lili mkati mvula inayamba kugwa padenga la malata, ndipo anthu okhala kumbuyo anayamba kukuwa kuti sakumva. Mnyamata uja, pofuna kuti amveke, anayamba kukalipa m'malo molira, ndipo anthu anaseka pamalo pomwe anayenera kukhala chete. Pobwerera m'basi sanalankhule ndi munthu. Luso lake linali lomwe lija, koma panalibe munthu ngakhale mmodzi, kuphatikizapo ine mphunzitsi wake, amene ankadziwa momwe tikanaunikira nkhope yake kapena momwe akanatulutsira mawu kuchokera m'mimba kuti afike kukhoma la kumbuyo popanda kukuwa.

Ndikamanena za maphunziro apamwamba a zisudzo, ndikunena za kudziwa zinthu ngati zimenezi mozama, mpaka munthu n'kumatha kuphunzitsa ena. Kuunikira siteji ndi ntchito yokhala ndi malamulo ake. Nyale siipachikidwa paliponse pomwe pali msomali: kawirikawiri nkhope imafuna kuwala kochokera mbali ziwiri, chakutsogolo ndi m'mwamba pang'ono, kuti mphuno, masaya ndi maso zioneke bwino, ndipo kuwala kwina kumachokera kumbuyo kuti munthu asamatirire kukhoma. Pali munthu amene amakhala pambali ndi buku lolembedwa mzere uliwonse wa sewero, pomwe amalembapo nthawi yeniyeni yozimitsa nyale, yoliza ng'oma ndi yolowetsa munthu, ndipo sewero likayamba ndi iyeyo amene amaliyendetsa, osati wolemba kapena wotsogolera. M'magulu athu ambiri ntchito imeneyi amangopatsa aliyense amene wasowa mbali yosewera tsiku limenelo. Palinso nkhani ya mawaya, omwe ndawaonapo atalumikizidwa ndi mapepala apulasitiki n'kuyalidwa pomwe ana akuvina osavala nsapato. Zimenezi munthu sabadwa akuzidziwa, ndipo kuziphunzira mwa kulakwitsa kungathe kuphetsa munthu.

Sindikunyoza luso lobadwa nalo. John Nyanga ndi Eric Mabedi, omwe achimwene anawatchula ndi mayina awo a pasiteji a Izeki ndi Jakobo, analidi akatswiri, ndipo gulu la Kwathu lomwe ankaseweramo linali sukulu payokha, momwe achinyamata ankaphunzira poona akulu. Koma onse awiri anatisiya, ndipo zambiri zomwe ankadziwa, monga nthawi yoyenera kudikira anthu amalize kuseka musanalankhule mawu otsatira, zinapita nawo chifukwa panalibe wozilemba ndi kuzisanthula. Imeneyi ndi ntchito ina ya munthu wa digiri yachiwiri: kukhala pansi ndi akatswiri akadali moyo, kufufuza chomwe chimachititsa kuti nthabwala ya m'Chichewa igwire, ndi kusunga nzeruzo kuti mwana wa ku Nsanje kapena ku Chitipa adzazipeze.

Tisaiwalenso kuti zisudzo za dziko lino zinakulira limodzi ndi yunivesite. Chancellor College itasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, gulu lake loyendayenda la Travelling Theatre linkatenga masewero kupita nawo m'masukulu a sekondale, poyamba m'Chingerezi, kenako m'Chichewa. M'zaka za m'ma 1980, aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr anapita ndi ophunzira awo ku Mbalachanda ku Mzimba ndiponso m'midzi ya ku Liwonde, komwe ankapanga masewero pamodzi ndi eni mudzi pa nkhani za zitsime, ukhondo ndi matenda, ndipo sewero linkaima pakati kuti anthu akambirane chochita. Imeneyi inali nthawi yomwe sewero lililonse linkayenera kudutsa kubungwe lounika zolembedwa, pansi pa lamulo la 1968, ndipo olemba anaphunzira kubisa mawu m'miyambi ndi m'nthano kuti anthu amve zomwe akuluakulu sanamve. Du Chisiza Jr, amene ambiri timamutenga ngati mwini wa zisudzo zamakono kuno, anayambira ku mpikisano wa masewero a m'masukulu wa ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, koma sanakhutire ndi kuomberedwa m'manja. Anapita kukaphunzira ku Philadelphia m'dziko la America, ndipo atabwerako mu 1987 anakhazikitsa Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu lomwe linaonetsa kuti munthu angathe kudya kuchokera ku zisudzo. Anamwalira mu 1999 akadali wamng'ono, koma amene anadutsa m'manja mwake, monga Gertrude Kamkwatira, anapitiriza ndi magulu awoawo. Amene ankapita ku French Cultural Centre ku Blantyre Lamlungu masana m'zaka zimenezo akudziwa momwe anthu ankadzadzira.

Komabe pali chinthu chimodzi chomwe chimandidetsa nkhawa pa njira yomwe maphunziro athu a zisudzo atenga. Ntchito ya ku Liwonde ija inali yabwino, ndipo inatchuka ngakhale kunja, koma kupambana kwake kunachititsa kuti zisudzo zizionedwa ngati ngolo yonyamulira uthenga wachitukuko basi. Mabungwe omwe si aboma ndiwo ali ndi ndalama, ndipo amafuna sewero la mphindi makumi awiri pansi pa mtengo, lonena za katemera, chisankho kapena maukwati a ana. Sindikutsutsa ntchito imeneyi, ndaichitapo ndipo ndaona ikusintha maganizo a anthu. Vuto n'lakuti wophunzira wanzeru amaona msanga komwe kuli chakudya, n'kusanduka wolemba malipoti ndi wokonza misonkhano, ndipo luso lenileni la pasiteji limatsalira. Zotsatira zake n'zakuti tili ndi anthu ambiri odziwa kufotokoza cholinga cha sewero, koma ochepa kwambiri odziwa kumanga khomo lomwe lingatsekulidwe kambirimbiri osagwa, kusoka chovala chomwe munthu angasinthe m'masekondi ochepa mumdima, kapena kuchotsa mluzu m'zokuzira mawu. Pakabwera chochitika chachikulu, ntchito zimenezi zimagwera anthu obwereketsa zida za maukwati, omwe amadziwa kukweza nyimbo koma sanawerengepo sewero.

Mwana wa achemwali anga anandiuza chinthu chomwe sindinachiganizepo m'zaka zonsezi. Anati mabuku ambiri ophunzitsa kuunikira siteji analembedwa poganizira khungu loyera, ndipo mitundu ya kuwala yomwe amalimbikitsa ikagwera pa khungu lakuda nthawi zina imalichititsa kuoneka lotuwa ngati phulusa, pomwe mitundu ina imalipatsa moyo n'kuonetsa minofu iliyonse ya pankhope. Iye akufuna kuyesa zimenezi mwadongosolo, pa makungu athu osiyanasiyana ndi pa zitenje zathu zamawangamawanga, n'kulemba zomwe apeze. Akufunanso kufufuza momwe nyale za LED, zomwe sizidya magetsi ambiri, zingagwirire ntchito ndi batire yotchajidwa ndi sola, kuti gulu lithe kuonetsa sewero usiku pa sukulu ya kumudzi kapena m'tauni magetsi atazima, popanda phokoso la jenereta lomwe limameza mawu. Mafunso ngati amenewa palibe wa ku London amene adzatifufuzire, ndipo sangayankhidwe pa maphunziro a masiku atatu a ku hotela. Amafuna chaka chathunthu kapena ziwiri, chipinda chokhala ndi zida, ndi mphunzitsi wokuyang'anira.

Ndiponso sitikuyambira popanda kanthu. Amene anakulira kumudzi akudziwa kuti bwalo la gule lili ndi dongosolo lake: komwe ang'oma amakhala, komwe amayi oimba amaima, njira yomwe chilombo chimalowera, ndi nthawi ya tsiku yomwe chilichonse chimatulukira. Kasiyamaliro akamatuluka kuli chisisira, fumbi litakwera, palibe amene angakane kuti eni ake amadziwa kugwiritsa ntchito kuwala ndi mdima. Gule Wamkulu ndi Vimbuza anazindikiridwa ndi UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005, ndipo ku Mua, kumalo osungirako zachikhalidwe a Kungoni, kwasungidwa zigoba mazanamazana pamodzi ndi matanthauzo ake. Sindikunena kuti za kudambwe zitengedwe n'kuikidwa pasiteji, chifukwa zili ndi eni ake ndi mwambo wake womwe uyenera kulemekezedwa. Ndikunena kuti wophunzira wozama ayenera kufunsa chifukwa chomwe timamangira maholo aatali ngati tchalitchi, siteji kutsogolo ndi anthu m'mizere, pomwe anthu athu anazolowera kuzungulira bwalo, kuyankha nyimbo ndi kulowerera m'sewero. Mwina holo yoyenera zisudzo za kuno sinamangidwebe, ndipo amene adzaijambule ayenera kudziwa zonse ziwiri, za m'mabuku ndi za pabwalo. Anzathu a ku Zambia anayesapo zimenezi pomwe anamanga bwalo la Chikwakwa pa yunivesite yawo ku Lusaka, lopanda denga, kuti masewero achitikire pamtetete monga kumudzi.

Achimwene ali ndi mfundo imodzi yomwe sindingaithawe, ndiyo ya ndalama. Iwo anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti mwanayu aphunzire, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti adzadya chiyani. Malo oonetsera masewero ndi ochepa, ndipo kuchokera pomwe a ku France anachoka pa French Cultural Centre paja mu 2011, malowo anavutika kwa nthawi yaitali. Anthu ambiri tsopano amaonera nthabwala pafoni. Koma munthu wodziwa kuunikira, kukonza mawu ndi kuyendetsa siteji sadalira masewero okha. Amafunika pojambula mafilimu, pa wailesi ya kanema, m'matchalitchi akuluakulu, pa zikondwerero za nyimbo za kunyanja ndi pa misonkhano ya boma, ndipo ntchito zimenezi zikuchuluka chaka ndi chaka. Chomwe chikusowa ndi anthu ozidziwa bwino, mpaka nthawi zina okonza zochitika amachita kuitanitsa akatswiri ochokera kunja n'kuwalipira ndalama zomwe zikanatsala kuno.

Ngati zida zophunzirira sizikupezeka kuno mokwanira, mtsikanayu apite kunja, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Johannesburg kuli yunivesite ya Wits ndi Market Theatre, komwe ophunzira amagwira nyale ndi manja awo tsiku ndi tsiku m'malo mongoziona pa chithunzi. Koma pempho langa kwa akuluakulu a mayunivesite athu, ku Zomba ngakhalenso ku MUST, yunivesite ya sayansi ya ku Thyolo, komwe kuli sukulu ya zachikhalidwe, n'lakuti digiri yachiwiri ya zisudzo isamathere pa kulemba chibuku chokha. Wophunzira aziyesedwanso pa sewero lenileni, pamaso pa anthu olipira pakhomo, ndipo amene wasankha za magetsi kapena zomangamanga azipatsidwa ulemu wofanana ndi wolemba. Akalipentala, atelala ndi amisiri a magetsi aziitanidwa m'kalasi kudzaphunzitsa zomwe akudziwa, ngakhale alibe mapepala.

Ndapangana ndi achimwene kuti tidzakhale pansi awiriwiri mwezi wamawa, ndipo ndidzawafotokozera za mnyamata wa m'basi uja. Mtsikanayo ndamupempha kuti teremu ikubwerayi adzafike kusukulu kwathu adzaone holo yathu. Wandiuza kuti ndimuyezeretu kutalika kwa denga kuchokera pansi, ndiwerenge masoketi omwe akugwira ntchito, ndipo ndifunse kwa amisiri ngati mapaipi awiri achitsulo angapachikidwe pa mitanda ya kudenga.