Ku Darfur mvula inachepa, koma mfuti anagawa ndi anthu

Abale anga, pali mawu amene akufala akuti nkhondo ya ku Darfur, dera la kumadzulo kwa Sudan, inabwera ndi kusintha kwa nyengo. Ngakhale a Ban Ki-moon, ali mlembi wamkulu wa United Nations, analemba zoterezi mu 2007. Ine ndimavomera mbali imodzi yokha, ndipo mbali inayo imandiwawa.

N'zoona kuti kumadzulo kwa Sudan mvula inayamba kuvuta m'zaka za m'ma 1970, ndipo njala ya 1984 ndi 1985 inapha anthu ochuluka. Kale alimi a mtundu wa Fur akatha kukolola ankalola abusa kulowetsa ziweto m'minda kuti zidye mapesi, ziwetozo n'kusiyamo ndowe. Onse ankapindula. Koma msipu utauma kumpoto, abusa a ngamila anayamba kutsika msanga, mbewu zikadali m'munda. Alimi anamanga mipanda, njira za ziweto zinatsekeka, pa zitsime panabuka mikangano. Apa nyengo ili ndi mlandu, sindikana.

Komatu mlandu wa ziweto zodya m'munda si wachilendo. Kwathu ku Chikwawa ndi Nsanje umapita kubwalo la amfumu, mwini ng'ombe n'kulipa, mawa anthu n'kupatsana moni. Ku Darfur nakonso mafumu ankaweruza choncho, mpaka boma la Pulezidenti Nimeiri linawalanda mphamvu mu 1971. Pambuyo pake mfuti zinasefukira m'deralo kuchokera kunkhondo ya Chad ndi Libya, moti mkangano wothera pa chindapusa unayamba kuthera pa maliro. Zigawenga zitaukira boma mu 2003, boma la Omar al-Bashir linapatsa zida a Janjaweed, magulu ankhondo a mitundu ya Aluya, kuti akatenthe midzi. Malinga ndi United Nations, anthu pafupifupi 300,000 anafa. Ndiuzeni, ndi chilala chiti chimene chinalamula kuti mudzi utenthedwe, amayi agwiriridwe?

N'chifukwa chake ndimadandaula tikamangoloza kumwamba. Tikatero timawachotsera mlandu anthu amene ali ndi mayina ndi maudindo, amene anaona anzawo ali pa njala n'kuona mwayi wowagawanitsa. Mwa a Janjaweed omwewo munatuluka gulu lankhondo la Rapid Support Forces (RSF), limene linaphanso anthu a mtundu wa Masalit mumzinda wa El Geneina ku Darfur komweko mu 2023. Khoti la ICC, loweruza milandu ikuluikulu padziko lonse, linalamula kuti al-Bashir amangidwe mu 2009, koma boma lake linagwa mu 2019 iye asanapondeko ku The Hague komwe kuli khotilo, ndipo amasiye a ku Darfur akudikirabe.