Chenjezo: Chuku Chikutidya Chiwindi Ife Tikuwerenga Matumba a Fetereza

Ana inu, ndi inu akuluakulu ogawa ndalama za boma, tcherani khutu. Pali khalidwe lina limene lazika mizu pa mtedza ndi chimanga, ndipo likutipweteka mwakachetechete.

Tiyambe ndi inu oswa mtedza. Mumawaza madzi pa makoko madzulo kuti m'mawa afewe, zala zisapweteke. Mavenda ena amachitira dala kuti thumba lilemere pa sikelo. Mtedza wonyowawo mumauthira m'thumba la pulasitiki, n'kusanjika pansi pa simenti. Mukudziwa chimene mwachita? Mwadzutsa nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakonda chinyezi ndi kutentha. Nkhunguyi imatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene tonse timangoti chuku. Poizoniyu saoneka ndi maso, ndipo safa ndi moto wa pa mafuwa. Kazingani, sinjani, phikani, iye ali momwemo.

Chomvetsa chisoni kwambiri ndi ichi: mukasankha mtedza, wabwino mumapita nawo kumsika, koma wosweka, wonyala ndi wakuda uja mumasinja nsinjiro zotendera nkhwani, mwinanso kuthira m'phala la mwana. Komatu m'njere zoipazo ndi momwe poizoni amachuluka. Mwagulitsa moyo, mwasunga matenda. Chuku chimayambitsa khansa ya chiwindi, makamaka kwa munthu amene ali kale ndi kachilombo ka hepatitis B, ndipo ofufuza amachigwirizanitsa ndi kupinimbira kwa ana. Musati mupatse ng'ombe za mkaka gaga wowola, chifukwa poizoniyo amatulukira mu mkaka. Musafululirenso mowa chimanga chowola.

Amene akuganiza kuti n'zongoopseza akumbukire za ku Kenya m'chaka cha 2004. Kum'mawa kwa dzikolo, cha ku Makueni, anthu 317 anadwala atadya chimanga chosungidwa chisanaume, ndipo 125 anamwalira. Maso achikasu, mimba zotupa, miyendo yotupa. Chinali chimanga cholima okha, cha m'nkhokwe zawo.

Zoyenera kuchita sizofuna galimoto. Bzalani ndi mvula yoyamba ndipo tsekani mizere kuti madzi asathawe, chifukwa mtedza ukakumana ndi ng'amba m'masabata omaliza, makoko amang'aluka ndipo nkhungu imalowa ukadali m'nthaka. Kumbani ukakhwima, m'kati mwa khoko mukaoneka mawangamawanga akuda, ndipo samalani khasu lisavulaze makoko. Unjikani mozungulira, makoko atayang'ana m'kati, pakati pakhale mpata wa mpweya, monga alangizi amaphunzitsira pa njira ya Mandela cock. Yanikani pa thandala, pa mphasa kapena pa lona, osati pa dothi. Mtedza ufike pa chinyezi cha 7 kapena 8 peresenti, chimanga pa 13 peresenti. Ngati mulibe makina oyezera, tengani botolo lagalasi louma bwino, muthire chimanga gawo limodzi mwa magawo atatu, muonjezere masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, mukhutchumule, mudikire mphindi 15, mukhutchumulenso. Mchere ukamata m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume, bwezerani padzuwa. Sungani mtedza m'makoko mwake mpaka tsiku lofuna kugulitsa. Matumba akhale pa mitengo, asagunde khoma.

Tsopano kwa inu a ku Capital Hill ndi aphungu athu. Mlimi angayesetse bwanji, sangaone poizoni ndi maso. Pamafunika labotale, mankhwala oyezera, magetsi osathimathima, ndi munthu wophunzira wolipidwa bwino. Mu 2003 atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Maputo kupereka 10 peresenti ya bajeti ku ulimi. Ife takhala tikupereka ndalama zambiri ku ulimi, inde, koma gawo lalikulu lathera pa fetereza wotsika mtengo, kuyambira FISP mu 2005 mpaka AIP mu 2020. Fetereza si woipa ayi. Koma kudzaza nkhokwe osadziwa ngati zili m'katimo n'zodyeka ndi nzeru yanji? Kafukufuku wa ukhondo wa chakudya tamusiya m'manja mwa mabungwe akunja, ndipo pulojekiti ikatha, makina amagona fumbi chifukwa chosowa kachipangizo kamodzi.

Anthu odziwa tili nawo: ku Chitedze, ku Bunda, ku Malawi Bureau of Standards (MBS). Luso liliponso. Aflasafe, amene anapangidwa ndi a IITA, bungwe lofufuza za ulimi m'maiko otentha, ndi nkhungu yamtundu womwewo koma yosatulutsa poizoni. Mumawaza makilogalamu 10 pa hekitala, masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, ndipo imalanda malo a yoipa ija. Nanga mlimi wa ku Mchinji kapena Kasungu akaupeza kuti, pa mtengo wanji, ngati boma silinaikepo dzanja?

Ganiziraninso za msika. Maiko a European Union salola mtedza wodyedwa mwachindunji wopitirira 4 ppb, kutanthauza magawo anayi pa biliyoni. Mtedza wathu wa Chalimbana unkatchuka kunja, koma malire ngati amenewa ndi ena mwa zimene zinatitsekera zitseko. Wokanidwa kunjawo sutayidwa. Umabwerera m'misika yathu, n'kusanduka chiponde chopanda chizindikiro cha MBS.

Pokambirana bajeti ikubwerayi, ikani mzere wakewake wa kuyeza chakudya. Gulani tizipangizo toyezera chuku mwachangu ndi makina oyezera chinyezi m'misika ikuluikulu ya mbewu. Oyeza atenge zitsanzo m'matumba ambiri, pamwamba, pakati ndi pansi, n'kuzipera pamodzi, chifukwa njere zochepa zoipa zimabisala pakona imodzi ya thumba. Phala la ana a sukulu ndi chimanga cha m'nkhokwe za boma ziziyezedwa zisanagawidwe, ndipo zotsatira zake zizilengezedwa pa wailesi m'Chichewa.