Mapiritsi a magazi ndi omwewo, nanga tikusiyana pati ndi anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique?

Kwathu ku Mchinji malire amawadziwa ndi a boma okha. Azakhali anga anakwatiwa tsidya lija cha ku Chipata, ndipo amalume ena anakakhazikika ku Angónia, ku Mozambique, kalekale, moti ana awo akamayankhula Chichewa amaponyamo timawu tachipwitikizi. Timakumana pa maliro ndi pa maukwati. Ulendo womaliza tinakumana pomanga chiliza cha agogo, ndipo kuseri kwa nyumba, kumene amayi amaphikira, nkhani yonse inali ya mlamu wanga.

Mlamuyo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Akapita ku mjigo ndi ndowa imodzi yokha ankabwerako ali wefuwefu, mtima ukugunda, mutu ukuzungulira. Ife amuna tinkati ndi ulesi wa mimba. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu atadutsa, anamutsitsa chikope cha m'munsi, mkati mwake muli mbuu. Anayang'ananso zikhatho, n'kungoti, “Mayi, mawa lomweli mukaonekere kuchipatala.” Kumeneko atamuyeza anapeza mlingo wa magazi uli pa 7.4. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mayi woyembekezera akatsika pa 11 ndiye kuti magazi achepa, ndipo akatsika pa 7 zafika poopsa. Patapita masiku, mkazi wanga akusesa m'nyumba ya mlamuyo anapeza timapaketi titatu ta mapiritsi owonjezera magazi, tosatsegula, titabisidwa m'chitini pamwamba pa khoma.

“Amandichititsa nseru,” anatero mlamu, maso ali pansi. “Komanso ndikamwa, chimbudzi chimada bii. Ndinaopa.” Apongozi ake nawo anali atamuuza kuti mapiritsiwo amakulitsa mwana m'mimba, adzavutika pochira.

Msuweni wanga wa ku Chipata atamva zimenezi anagwira pakamwa. “Imwe alamu, kwathu a SMAG sakanakusiyani. Amabwera pakhomo n'kufunsa kuti muwaonetse paketi.” Ine ndinati akudzitama basi, monga amachitira akamakamba za mpira. Koma ziwerengero zikumuikira kumbuyo. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuno ku Malawi amayi 33 okha mwa 100 aliwonse ndiwo anamwa mapiritsi a ayironi, owonjezera magazi aja, kwa masiku 90 kapena kuposerapo pa mimba yawo yomaliza. Ku Zambia, kafukufuku wa mtundu womwewo wa 2018 anapeza 73 mwa 100. Kusiyana kumeneku si kwamasewera, chifukwa piritsilo ndi limodzimodzi: ayironi wosakaniza ndi folic acid, limodzi pa tsiku, laulere ku zipatala za boma mbali zonse ziwiri za malire.

A SMAG aja ndi magulu a anthu ongodzipereka a m'midzi, amuna ndi akazi omwe, amene ntchito yawo ndi kulondola amayi oyembekezera. Ife tili ndi alangizi a zaumoyo olipidwa ndi boma, anthu amene ndimawalemekeza kwambiri, chifukwa popanda uja wa kwathu mwina bwenzi tikukamba zina. Koma mlangizi mmodzi asenza katemera, sikelo ya ana, zimbudzi, kolera, malipoti, zonse pa njinga imodzi. Kuti akhale pansi ndi mayi mmodzi n'kumufotokozera kuti chimbudzi chakuda si matenda, kuti piritsi akamwera usiku pogona nseru imachepa, nthawi yake aipeza kuti? Ku Mozambique kuli a APE, amene amagwira ntchito yofanana ndi imeneyi m'midzi yotalikirana ndi chipatala, koma kutalika kwake n'kwina. Aliyense wokhala ku Dedza, Ntcheu, Mwanza kapena Mulanje amadziwa kuti pa mzere wa sikelo pamakhala amayi ochokera tsidya lija, chifukwa chipatala chapafupi kwa iwo ndi cha kuno.

Chinanso n'chakuti timachedwa kuyamba sikelo. Pa kafukufuku uja, mayi mmodzi yekha mwa anayi kuno kwathu ndi amene anayamba m'miyezi itatu yoyambirira, pamene ku Zambia anali 37 mwa 100, chiwerengero chimene nachonso n'chosanyaditsa. Chifukwa chake tonse timachidziwa: mimba siulutsidwa isanaoneke, kuopa anthu a maso oipa. Mwambo umenewu sudziwa malire, uli ku Katete, uli ku Ulongwe, uli kwathu. Tsono kuyambira 2016 a WHO amati mayi aonedwe kasanu ndi katatu. Woyamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, maulendo amenewo awakwanitsa bwanji?

Komabe ndisakometse Zambia mopitirira. Pa amayi oyembekezera, ochepa magazi anali 45 mwa 100 kuno ndi 41 mwa 100 kumeneko. Anzathuwo ankamwa mapiritsi kuposa ife kawiri, koma amayi anayi mwa khumi alionse magazi anali ochepabe. Ku Mozambique kafukufuku wa 2011 anapeza amayi 54 mwa 100 a msinkhu wobereka ali ochepa magazi, oyembekezera ndi osayembekezera omwe. Ndiye kuti piritsi lokha silikuthetsa nkhaniyi. Mayi amalowa m'mimba nkhokwe ya thupi ili kale gwaa, ndipo mwana akayamba kutapa, palibe chotsala.

Apa ndi pamene pali nkhani ya ufa, imene ine imandiseketsa mowawa. Malawi ali ndi lamulo lokakamiza makampani kuthira michere, kuphatikizapo ayironi, mu ufa wa chimanga ndi wa tirigu. Mozambique anakhazikitsa lake mu 2016, lokhudza ufa wa chimanga, wa tirigu, mafuta ophikira ndi shuga. South Africa anayamba kale mu 2003, Zimbabwe mu 2017. Zambia anali patsogolo pa shuga, anayamba kuthiramo vitamini A mu 1998, koma ufa wa chimanga wakhala zaka zonsezi wosakakamizidwa. Tsono taonani kutembenuka kwake. Ku Lusaka ndi ku Copperbelt anthu ambiri amadya ufa wogula m'matumba a makilogalamu 25, breakfast kapena roller, wochokera ku zigayo zikuluzikulu, kumene lamulo lotere likanagwira mosavuta. Kuno kumene lamulo lilipo, mlamu wanga sanagulepo ufa wa m'paketi chibadwire. Amasenza chimanga chake kupita ku chigayo cha dizilo pa msika, kukonola, kuviika mphale masiku atatu, kuyanika, kukagayitsa. Ufa wake woyera bwino, nsima yake yosalala, koma lamulo la ku Lilongwe silinaukhudze, ndipo michere yambiri yapita ndi madeya ku nkhumba. Msuweni wa ku Angónia amachita chimodzimodzi, lamulo la ku Maputo lili apo.

Pa ichi amene andigwira mtima ndi a ku Tanzania. Kumeneko bungwe la Sanku limaika kamakina pa zigayo zing'onozing'ono, kamene kamathira michere pang'onopang'ono ufa ukamagayidwa. Amenewo anaona pamene anthu osauka amapezadi ufa wawo, n'kupita pomwepo.

Za ndiwo ndiye timafanana kuposa mmene timavomerezera. Nkhwani wotendera ndi ifisashi ya ku Zambia ndi pachibale, chigwada chathu ndi matapa ya ku Mozambique kusiyana kwake ndi kokonati wa kunyanja yamchere. Bonongwe, chisoso, khwanya, luni, zonsezi zili ndi ayironi, koma ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba thupi limamutenga movutikira. Amene amalowa msanga ndi wa nyama, chiwindi, ndi tinsomba todyedwa ndi mitu yomwe: usipa, matemba, kapenta. Ngumbi, mphalabungu ndi mbewa, zimene ena a m'tauni amazinyoza, zimathandizanso, ndipo pa mbewa ife ndi a ku Chipata palibe wophunzitsa mnzake. Vuto ndi mtengo ndi kagawidwe. Kamulu ka usipa kamene kale kankakwanira banja, lero ndi kongonunkhiritsa msuzi. Ku Tete kapenta wa m'nyanja ya Cahora Bassa amadzaza matumba n'kukwera malole kupita kutali, kudutsa midzi imene amayi ake akudya nsima ndi therere la soda. Ndipo nkhuku ikaphedwa pakhomo, chiwindi ndi nthutumba zimapita m'mbale ya ndani? Tisanamizane. Ineyo ndadya ziwindi zambiri mkazi wanga ali ndi pakati, osaganizako n'komwe.

Palinso zikhulupiriro zimene ndinadabwa kuzimva mbali zonse zitatu. Mazira ayi, mwana adzabadwa wopanda tsitsi. Magazi akachepa, wiritsani masamba a mapeyala, chifukwa madzi ake amafiira. Chakumwa chilichonse chofiira chimasanduka mankhwala. Dothi lija amayi amalilakalaka, logulitsidwa m'misika m'timapepala, timaliona ngati chizolowezi cha mimba, pamene nthawi zambiri limayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo likhoza kubweretsa njoka za m'mimba zimene zimayamwanso magazi omwewo. Chimene sitiuzana n'chakuti tiyi womwera pa chakudya amatchinga ayironi kuti asalowe m'thupi, pamene malambe, masau, magwafa ndi mandimu zimamutsegulira njira. Masau a ku Tete ndi ku chigwa cha Shire timawadya ngati zoseweretsa pakamwa pa basi, osadziwa kuti malo ake ndi pambali pa mbale ya nyemba.

Pa malungo pokha ndilole ndinyadire kwathu. Mu 1993 Malawi anali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga Fansidar, ndipo anayambanso kumwetsa amayi oyembekezera mankhwalawa pofuna kuwateteza, mayiko ena asanayambe. Lero mayiko atatu onsewa amatero: mapiritsi atatu kumwera pamaso pa anamwino, kuyambira mimba ikapitirira miyezi itatu, motalikirana mwezi, kuwonjezera pa neti. N'zofunika chifukwa tizirombo ta malungo timabisala mu nsengwa, mayi osamva kutentha thupi, koma magazi akuphwanyika mwakachetechete. Mozambique ali m'gulu la mayiko ochepa okhala ndi odwala malungo ambiri padziko lonse, makamaka zigawo za Zambézia ndi Nampula, ndipo ndikukhulupirira kuti chiwerengero chawo chija cha amayi ochepa magazi sichingatsike ndi chakudya chokha. Onjezanipo likodzo la m'mbali mwa nyanja ndi m'madambo, ndiponso atsikana otenga mimba matupi awo akukulabe. Pa kafukufuku uja, kuno ndi ku Zambia atsikana 29 mwa 100 a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati, ndipo ku Mozambique kafukufuku wa 2015 anapeza 46. Malamulo oletsa ukwati wa ana alipo, ife tinakonza malamulo aakulu a dziko mu 2017, Mozambique anapanga lake mu 2019, koma mwana wa zaka 16 akulimbiranabe ayironi ndi mwana amene ali m'mimba mwake.

Mukandifunsa choti titengere kwa anzathu, ndinena kuti kwa a Zambia titenge khama lija lolondola mayi mpaka pakhomo ndi kuwerenga mapiritsi otsala m'paketi. Ifenso tili ndi magulu a amayi ophunzitsana za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma nthawi zambiri amathera pa kuphika phala la ana. Nyemba za NUA45, zimene zinapangidwa kuti zikhale ndi ayironi wambiri, zilipo m'dziko muno, koma pa msika wathu wogulitsa sadziwa n'komwe dzina lake. Akatswiri athu ku Zomba ndi ku Blantyre achita kafukufuku wopereka ayironi kudzera mu dilipu kamodzi kokha, njira yothandiza mayi wobwera mochedwa ngati mlamu wanga, koma ku chipatala chaching'ono cha kumudzi zimenezo n'zongomva.

Mlamu anagonekedwa milungu iwiri asanachire, chifukwa anamwino anaopa kuti akataya magazi ngakhale pang'ono pobereka sapirira. Inali nthawi yoti sukulu zatsekera, ndipo poti magazi ambiri amene a Malawi Blood Transfusion Service amatolera amachokera kwa ana asukulu, tinauzidwa kuti tikonzeke. Ine ndi mchimwene wanga tinakapereka. Mwana anabadwa wa makilogalamu 2.3, wamkazi, tsitsi lili bii ngakhale mayi ake anadya mazira masiku onse a m'chipatala. Anamwino anati mapiritsi apitirize kwa miyezi itatu. Panopa paketi imakhala pa tebulo pafupi ndi mchere, ndipo amene amawerenga otsala madzulo aliwonse ndi apongozi aja.