Khola la kumudzi tikulimaliza ndife a m'tauni

Dzulo madzulo tili pa chiwaya ku Ndirande kunadutsa lole yodzaza ng'ombe. Anzanga anangoti, "Ndiwo zafika." Ine mtima unathamangira ku Ngabu, kukhola la malemu agogo anga.

Khola limenelo linayamba ndi msoti umodzi wofiira, wa linunda lopendekera kumanzere. Agogo anaugula ndi ndalama za thonje lomwe anagulitsa ku ADMARC, n'kuutcha dzina loti Thonje. Mpaka lero amalume akaima pakhomo la khola m'mawa amakulozera kuti iyi ndi mdzukulu wa Thonje, iyo inabwera posinthana ndi mbuzi, yakudayo mayi ake anafa pobereka ndipo inakulira phala la m'botolo. Ng'ombe iliyonse ili ndi mzere wake ngati munthu.

Ndipo mbiri ya dera lathu ine ndinaiphunzirira pamenepo, osati m'kalasi. Chilala cha 1992 kwathu timachikumbuka ngati chaka chomwe agogo ankagona kudambo ndi ziweto kufunafuna msipu. Januwale wa 2015 ndi usiku womwe amalume anatsegula khola madzi ali m'chiuno kuti ng'ombe zidzipulumutse zokha, zina sizinabwerere. Namondwe wa Freddy mu 2023 atatiliza kuno ku Chilobwe ndi ku Soche, madzi omwewo anatsikira kuchigwa n'kukapululanso ziweto. Onjezanipo matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, omwe amayambira ku njati za ku Lengwe. Akabuka, boma limatseka misika ya ng'ombe, banja n'kukhala miyezi lili ndi chuma m'khola koma losowa ndi ya sopo yomwe.

Zonsezo khola linapirira. Chomwe chikulimaliza ndife, ana ake okhala mu Blantyre muno.

Fizi ikavuta, foni: "Amalume, gulitsani imodzi." Lendi, chinkhoswe, bizinesi ya kaunjika yomwe sidzatha miyezi itatu, mawu ndi omwewo. Sindikunyoza, poti ine ndemwe sukulu ya sekondale ndinaimaliza ndi ng'ombe ziwiri, ndipo agogo sanadandaulepo. Koma tinene zoona, ndani mwa ife anatumizapo ndalama ya mankhwala a nkhupakupa? Ndani anafunsapo kuti mnyamata wobusa amalipidwa ndi chiyani, kapena kuti msipu akuupeza kuti pomwe malo ambiri adasanduka minda ya nzimbe? Timakumbuka khola tsiku la mavuto basi. Amalume amadzuka tambala woyamba, amagona khutu lili kunja kuopa akuba, kenako ife timabwera ndi manja awiri kudzangolandira.

Sabata yatha anandiuza pafoni kuti za mzere wa Thonje zatsala zitatu. Anayankhula motsitsa, ngati akunena za odwala.

Malipiro a mwezi uno akalowa ndikwera minibasi, nditsike phiri mpaka pa Thabwa, ndiwoloke Shire, ndikagule msoti pamsika wa Ngabu. Amalume ati dzina ndikatche ndekha.